Helikopita Sikumba Ngalande

Ndikulemba ndili ku Manzese, dera lothithikana la mumzinda wa Dar es Salaam limene msewu wa Morogoro udalidula pakati. Kuno mvula yaikulu, imene imagwa kuyambira mu Malichi mpaka mu Meyi, ikayandikira, anthu amadzaza mchenga m'matumba n'kutchinga pakhomo. Ena amakweza khonde ndi njerwa, ndipo amayi amasanjika matiresi ndi mbaula pamwamba pa tebulo. Amadziwa kumene madzi adzadzere, amadziwanso nyumba imene adzayambire kulowa. Chinanso chimene adaphunzira poona anzawo a m'chigwa cha mtsinje wa Msimbazi n'chakuti zinthu zikafika poipa, boma limatulukira litavala yunifolomu ya usilikali.

Mfundo yanga ndi imodzi. Chithunzi cha msilikali atanyamula mwana pamapewa m'madzi olekeza m'chifuwa chasanduka chophimba chimene maboma athu ndi mabungwe akunja akubisira ntchito imene adaithawa m'chilimwe. Ife tikawomba m'manja poona chithunzicho timaiwala kufunsa chimene chidafikitsa mwanayo m'madzimo.

Tiyambe ndi Disembala 2011. Mvula ya masiku ochepa idadzaza Msimbazi, mzinda udaduka pa Jangwani, ndipo anthu pafupifupi 40 adafa. Asilikali a JWTZ, gulu lankhondo la Tanzania, pamodzi ndi apolisi, adatsitsa anthu amene adathawira pamadenga. Palibe munthu wanzeru amene anganyoze ntchito imeneyo. Koma taonani chimene chidatsatira. Boma la Pulezidenti Jakaya Kikwete lidasamutsira anthu ku Mabwepande, kutali kumpoto kwa mzinda, kumene adafikira m'matenti. Malo adapatsidwa kwa eni nyumba. Anthu a lendi, amene ndi ambiri m'madera oterewa, adatsala padzuwa. Mayi wogulitsa mandazi ku Kariakoo kapena mnyamata wonyamula katundu kumsika sakadakhala kumene kulibe kasitomala, choncho ambiri adabwerera kuchigwa. Kumapeto kwa 2015 ndi kumayambiriro kwa 2016 boma lidabweranso, ulendo uno ndi makina ogumulira nyumba, pa ntchito imene Aswahili amaitcha bomoabomoa. Wopulumutsidwa wa dzana adasanduka wophwanya malamulo. Chodabwitsa n'chakuti m'chigwa chomwecho cha Jangwani mudamangidwa malo osungirako mabasi othamanga a mumzindawu, ndipo madzi adakhala akulowamo mobwerezabwereza. Wosauka akamanga m'dambo timati ndi umbuli, nanga boma likamangamo tiziti chiyani?

Vuto lagona ngakhale m'mawu amene timagwiritsa ntchito. M'Chichewa tidazolowera kunena kuti "ngozi zogwa mwadzidzidzi", ndipo mawuwa adalowa m'dzina la nthambi ya boma ya ku Malawi yoona za ngozi zotere. Koma chadzidzidzi n'chiti pa madzi amene amabwera nyengo yomweyo, kudzera m'khwalala lomwelo? Anthu pafupifupi 70 mwa 100 alionse a mu Dar es Salaam amakhala m'madera amene adamangidwa popanda pulani. Mtsinje wa Ng'ombe, umene umadutsa ku Tandale moyandikana ndi Manzese n'kukathira mu Msimbazi, udapanikizika ndi nyumba, ndipo mchenga ndi zinyalala zimatseka njira za madzi. Zonsezi zimaoneka dzuwa lili phwee. Tikatcha chinthu kuti chadzidzidzi timakhululukira amene adachiona chikudza, ndipo timaitana amene ntchito yawo ndi yothamangira zadzidzidzi, ndiwo asilikali.

Amalawi tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya anansi athu okha, pakuti asilikali omwewa a Tanzania tidawaona kwathu. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, nawononga midzi ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala. Tanzania idatumiza mahelikopita, asilikali ndi ufa wa chimanga. Zambia nayo idatumiza ndege. Izi zidachitika ngakhale kuti mkangano wa malire a panyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania sudathe. Tiyenera kuthokoza, pakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Koma kuthokoza kusatitseke pakamwa. Dziko limene lidaona madzi a Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019 ndi namondwe Ana mu 2022, lidafika bwanji mu 2023 likudalirabe ndege zobwereka? Njira ya pakati pa Bangula ndi Makhanga m'boma la Nsanje idakokoloka mu 1997, ndipo Freddy adaipeza isanalumikizidwe. Helikopita imene imatera ku Makhanga ndi ufa ikugwira ntchito ya mlatho umene atsogoleri osiyanasiyana adalephera kumanga kwa zaka zoposa 25.

Ngakhale malamulo athu amabadwira pamaliro. Lamulo loyamba la za ngozi lidakhazikitsidwa mu 1991, napolo atasesa anthu ku Phalombe. Lolowa m'malo mwake Nyumba ya Malamulo idalivomereza mu Epulo 2023, misozi ya Freddy isanaume. Anthu akafa ndi pamene timakumbukira cholembera.

Mabungwe akunja nawo ali ndi gawo lawo pa mlanduwu. Mu 2000, dziko lonse lidaonera pa kanema asilikali a South Africa akukweza m'helikopita mayi ndi khanda limene lidabadwira mumtengo ku Chibuto, ku Mozambique. Chithunzi chimenecho chidagwedeza mitima, thandizo lidakhamukira kumeneko. Phunziro limene aliyense adatolapo n'lakuti ndalama zimatsata kamera, ndipo kamera imatsata ndege. Ngalande yoyeretsedwa bwino, imene yachititsa kuti pasafe munthu, palibe mtolankhani amene amaijambula. Komatu malangizo a ku Oslo, amene mayiko ndi United Nations adagwirizana, amanena kuti zida ndi asilikali akunja azigwiritsidwa ntchito pokhapokha njira zina zonse zitakanika, ndiponso kwa nthawi yochepa. Kwa ife chimene chidayenera kukhala chomalizira chasanduka choyambira.

Ndikudziwa zimene ena adzayankhe. Adzati asilikali okha ndiwo ali ndi mabwato, magalimoto olimba, mwambo ndi luso lomvera lamulo mwachangu. Adzati munthu ali padenga safunsa kuti womupulumutsa wavala chiyani. Zoona, ndipo pa tsiku la chigumula ine ndemwe ndidzakhala woyamba kuwaitana. Matope atakwirira Katesh m'boma la Hanang mu Disembala 2023, kudali koyenera kuti asilikali akafukule. Koma funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani ali ndi zipangizo ndi iwo okha. Ozimitsa moto, makhonsolo, a Red Cross ndi makomiti a m'midzi ndi m'madera adabadwa opanda luso kodi? Kusowa kwawo zida kudachokera m'ndondomeko za chuma zimene anthu adakhala pansi n'kulemba. Timamana mabungwe a anthu wamba chakudya, kenaka n'kumaloza kuwonda kwawo monga umboni woti ntchito sangaithe.

Palinso nkhani ya kuyankha mafunso. Khansala kapena wapampando wa dera timakumana naye pamsika, tingathe kumufunsa za ngalande, ndipo tingamuchotse ndi voti. Msilikali amabwera, nagwira ntchito, nabwerera kumpanda kwake. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene amatsala ndi matope, zimbudzi zosefukira ndi mantha a kolera ndi anthu omwe aja amene adayamba kupulumutsana okha usiku, galimoto yoyamba isanafike.

Njira ina ilipo, ndipo idayesedwa kuno komwe. Kuyambira mu 2015, pansi pa ntchito yotchedwa Ramani Huria, ophunzira a pa University of Dar es Salaam ndi Ardhi University adayenda ndi eni dera m'makwalala a Tandale, Manzese ndi madera ena, kujambula mapu a ngalande ndi malo amene madzi amaima. Ndalama za World Bank zidamangira ngalande za konkire mumtsinje wa Ng'ombe, ndipo mu 2022 bankiyo idavomereza madola 200 miliyoni okonzera chigwa cha Msimbazi. Ndalamazi ndi ngongole, ndipo nkhani ya kumene anthu a lendi adzapite ifunika kuiyang'anitsitsa. Komabe ntchito yotere ikulimbana ndi madzi asanabwere. Akuluakulu adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.

Tsono kwa inu ophunzira ndi aphunzitsi amene mumawerenga masamba ano, pempho langa ndi ili. Madzi akadzaphwa ndipo atsogoleri akadzayamba kuthokoza asilikali, funsani kuti ndege zidadya ndalama zingati, ndipo ndalama zomwezo zikadakumba ngalande yaitali bwanji. Funsani kuti chenjezo la a zanyengo lidafika kwa yani, m'chilankhulo chanji, ndipo wolimva akadathawira kuti. Lembani mayina a madera amene amamira chaka ndi chaka, m'Chichewa ndi m'Chiswahili, kuti eni ake awerenge ndi kunyamula pepalalo popita kwa khansala. Asilikali tiwalemekeze pa zimene amachita, koma tikane kuti kulimba mtima kwawo kukhale malipiro a ulesi wa ena. Kuno ku Manzese anyamata amalowa m'ngalande ndi mafosholo mvula isanayambe, popanda nduna yodzawajambulitsa. Bajeti ya ngozi iyambire pa fosholo imeneyo.