Msuzi wa saladi ndi mulu wa mbale

Sabata ino tiyeni tilowe m'khitchini. Pa maukwati, pa zinkhoswe ngakhalenso pa misonkhano yathu, saladi siisowa pambale: kabichi wodulidwa mopyapyala, tomato, anyezi ndi karoti. Pambali pake pamakhala botolo la mayonezi a m'sitolo, limene kawirikawiri mtengo wake umaposa wa masamba onsewo. Ife tikuti botolo limenelo tingathe kukhala popanda ilo, pakuti msuzi wothira mu saladi munthu angaupange yekha m'mphindi zisanu ndi zinthu zimene zili kale m'nyumba. Koma tikutinso aliyense wotamanda chakudya chopangidwa pakhomo ayambe wayankha funso ili: mbale zake atsuke ndani?

Tiyambe ndi msuziwo. Mawu akuti saladi gwero lake ndi liwu la Chilatini lakuti sal, kutanthauza mchere, chifukwa anthu akale ankadya masamba aawisi atawathira mchere, mafuta ndi viniga. Mpaka lero maziko ake ndi omwewo. Ophika a ku France amautcha msuzi umenewu vinaigrette, ndipo muyezo wake wodziwika ndi wosavuta kuukumbukira: masupuni 3 a mafuta, supuni 1 ya chowawasa, kamchere pang'ono. Mafuta ake ndi omwewa ophikira, a mpendadzuwa kapena a soya. Chowawasacho chikhoza kukhala viniga, koma ife timakonda ndimu, chifukwa lili ndi fungo labwino ndiponso m'nyengo yake mandimu amangogwa okha kuseri kwa nyumba. Amene ali ndi bwemba amunyike m'madzi ofunda ndi kusefa. Kuwawasa kwake nkokoma kuposa kwa viniga. Ngati msuzi waluma kwambiri, theka la supuni yaing'ono ya uchi kapena shuga limaufatsitsa. Adyo wosinja ndi kambuzi mmodzi ndi za okonda.

Mafuta ndi madzi sizigwirizana. Mukaziika pamodzi zimalekana, mafuta pamwamba, madzi pansi. Nchifukwa chake msuziwu umafunika kuukhutchumula mwamphamvu kuti mafuta asweke kukhala timadontho ting'onoting'ono. Musavutike ndi mbale ndi foloko. Tengani botolo lotha jamu kapena chiponde, lotsukidwa bwino, thiranimo ndimu ndi mchere poyamba, popeza mchere umasungunuka m'madzi osati m'mafuta, kenaka mafuta, tsekani ndi kukhutchumula. Ukalekana, mukhutchumulenso. Wofuna msuzi wokhuthala aonjezere supuni ya chiponde, kapena apote peyala lakupsa pamodzi ndi ndimu, kapena agwiritse ntchito chambiko m'malo mwa gawo lina la mafuta. Zonsezi zimagwira masamba bwino, ndipo palibe chofunika dzira.

Tatchula dzira mwadala. Mayonezi amakhuthala chifukwa chikasu cha dzira chili ndi mphamvu yogwirizanitsa mafuta ndi madzi, koma dziralo limakhala laliwisi, ndipo dzira laliwisi likhoza kukhala ndi tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba. A m'fakitale amayamba atenthetsa mazira awo mwa njira yopha tizilomboto; ife kunyumba njira imeneyo tilibe. M'nyumba yopanda firiji, kapena kumene magetsi sadalirika, mayonezi opanga tokha si nzeru, makamaka pa phwando la m'mwezi wa Okutobala pamene chakudya chimadikira alendo dzuwa likuswa mtengo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola 2, ndipo saladi ya dzira kapena ya mkaka siyenera kupatsidwa nthawi yoposa pamenepo.

Pali ena amene amati mafuta mu saladi ndi kuononga chabe. Ayi. Mavitamini A, D, E ndi K amalowa m'thupi mothandizidwa ndi mafuta, kotero karoti wodyedwa wopanda kadontho ka mafuta amapereka zochepa kuposa zimene ali nazo. Chimene tiyenera kuchepetsa ndi mchere: bungwe lomweli limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndiwo zonse. Wopanga yekha msuzi amauona mchere ndi maso ake. Wogula wa m'botolo amadya umene anamuyezera ena.

Chenjezo lalikulu lili pa madzi. Saladi siipita pamoto, choncho chilichonse chimene chili pa masamba, pa mpeni ndi m'manja chimafika m'mimba chamoyo. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mu 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Ndimu ndi viniga si mankhwala. Asatinamize munthu kuti kuwawasa kumatsuka zonse. Masamba atsukidwe ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, asanadulidwe, ndipo m'manja musambidwe ndi sopo. Mpeni ndi thabwa zimene zakhudza nkhuku yaiwisi zisayandikire tomato zisanatsukidwe. Njira yachidule ndiyo kudula masamba poyamba, nyama pambuyo.

Tsono tifike pa nkhani imene yatilembetsa zonsezi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chakudya chopangidwa pakhomo kuyambira pachiyambi nchotsika mtengo ndiponso nchokoma, koma chili ndi mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti: kutunga madzi, kukoleza mbaula, kusankha nyemba, kusinja nsinjiro, kusenda, kudula, kuvundula nsima, kenaka mapoto akuda ndi mwaye. M'mabanja athu ambiri mtengo umenewu amalipira ndi amayi ndi ana aakazi okha. Mtsikana wa Folomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE amaweruka nthawi imodzi ndi mlongo wake, koma mmodzi amakatsegula kope pamene winayo akukupiza moto. Madzulo onse awiri amadya mbale imodzi, ndipo mmodzi yekha ndiye amatsala pa thandala. Pamene mnyamata akunena monyadira kuti kwawo sadya za m'mabotolo, nthawi zambiri akunyadira thukuta la mwini wake.

Tikudziwa zimene ena ayankhe. Adzati anyamata nawo ali ndi ntchito zawo, kuwaza nkhuni, kulima, kukonza mpanda. Nzoona, ndipo sitikuzichepetsa. Koma mpanda sukonzedwa katatu patsiku, pamene mbale zimada m'mawa, masana ndi madzulo, Lamulungu lomwe. Ena adzati mwamuna m'khitchini nzochititsa manyazi. Komatu amene amakazinga tchipisi pa chiwaya m'misika yathu, nadula kabichi mwaluso chotero, ambiri ndi anyamata. Ophika ambiri m'mahotela ndi abambo. Zikuoneka kuti manyaziwo amabwera pokhapokha ntchitoyo ikakhala yopanda malipiro.

Palinso amene adzati ngati ntchito yachuluka, bwanji osangogula zopangidwa kale? Yankho limeneli sitilinyoza. Mayi amene waweruka kuntchito dzuwa litalowa, nagula botolo kuti apume, sanalakwire munthu, ndipo amene sanagwirepo mthiko asamuweruze. Koma kugula si njira ya onse, pakuti ndalama zake si onse ali nazo, ndiponso botolo silitsuka mapoto. Chimene chingatheke m'nyumba iliyonse, yolemera kapena yosauka, ndi kugawana. Lamulo limene tikulipempha ndi lalifupi: wophika asatsuke. Amene sanayandikire moto atenge beseni ndi sopo popanda kuitanidwa, ndipo mawa asinthane. Pa misonkhano yathu ya achinyamata, ndandanda ya ophika ndi otsuka ilembedwe poyera, maina a anyamata ndi atsikana osakaniza, m'malo mongoti “asisi aone za kukhitchini” pamene abale akukonza zokuzira mawu.

Ntchito yokhayo imapepukanso ikatsata dongosolo. Nyemba zinyikidwe usiku, zimapsa msanga ndipo makala amapulumuka. Chimene chimachedwa kupsa chikhale choyamba pamoto, ndipo pamene chikuwira, ndiyo nthawi yotsuka mipeni ndi mbale zimene zagwira kale ntchito, osati yoyang'ana foni. Anyezi wa saladi adulidwe msanga ndi kuviikidwa m'madzi oyera kapena m'ndimu kwa mphindi 10 kuti ukali wake uchepe. Msuzi upangidwe m'botolo muja nuikidwe pambali. Uthiridwe pamene anthu akusamba m'manja, chifukwa mchere umakoka madzi a m'masamba ndipo saladi yothiridwa msanga imafota nkusanduka dziwe. Kabichi yekha ndiye amapirira, ndipo amakoma akakhala mu msuzi kwa kanthawi. Nsima ibwere pomalizira kuti idyedwe yotentha. Ikangoomoledwa, m'poto muthiridwe madzi nthawi yomweyo, makoko asanaume. Amene ili nthawi yake yotsuka akadzamaliza kudya adzapeza atafewa, ndipo sadzafunika kukwecha mpaka usiku.