Posamutsa ng'ombe, tiyendere liwiro la mathole

Alimi anzathu, kuno ku Lobi ng'ombe zathu zimasintha kodyera kawiri pa chaka. M'dzinja, mbewu zili m'munda, zimadya kudambo. Tikakolola mu Meyi ndi Juni, timazilowetsa m'minda kuti zikadye mapesi. Pa maulendo amenewa mpamene mathole amasochera, ndipo ife tikuti vuto si ng'ombe ayi, koma kakusidwe kathu ndi kuchepa kwa njira.

Ng'ombe ikangobereka imanyambita mwana wake, ndipo kuyambira tsiku lomwelo imamudziwa ndi fungo komanso kulira kwake. Masiku oyambirira thole limakonda kugona chobisala m'maudzu mayi wake akudya chapafupi. Zikasiyana panjira, zonse ziwiri zimabwerera pamalo pamene thole linayamwira komaliza. Choncho ng'ombe yotembenuka pakati pa ulendo si yaliuma, ikufuna mwana wake, ndipo chikwapu sichingaiiwalitse.

Tonse tikuona kuti madimba a kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere adzaza m'madambo mwathu, mwakuti njira za ng'ombe zatsala tinjira. Poopa chindapusa, abusa amathamangitsa ziweto ndi zikwapu ndi agalu kuti zidutse msanga. Mathole amatopa n'kutsalira, mayi amabwerera chodulira m'dimba la mwini, ndipo mlandu umene timauthawa uja umafikabe kwa amfumu. Thole likagona kutchire m'chisanu cha Juni kuno ku Dedza, mimba ili pululu, afisi ali pafupi, mwayi wolipeza lamoyo ndi wochepa.

Tisaiwale kuti ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9. Komanso ng'ombe zathu zalinunda sizitulutsa mkaka bwino ngati mwana palibe. Thole likafa, banja lataya ng'ombe yamawa ndi mkaka wa chaka chimenecho.

Ena anena kuti madimba ndiwo akutipatsa ndalama, sitingasiyire ng'ombe malo. N'zoona kuti dimba limatithandiza. Koma manyowa a m'dimbamo amachokera kukhola, ndipo ngolo yopititsa kabichi kumsika imakokedwa ndi ng'ombe imene inali thole dzana. Mlimi wa dimba ndi woweta ng'ombe akudyera mbale imodzi.

Tsono ife eni ziweto tiyambe ndi zimene tingathe. Tisamutse ng'ombe m'mawa, mathole atayamwa. Tisanyamuke mpaka ng'ombe iliyonse ili ndi mwana wake pambali. Yobereka kumene itsale pafupi ndi khola kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Agalu atsale kunyumba, chifukwa ng'ombe yoyamwitsa imaona galu ngati mdani ndipo ikhoza kugunda mbusa. Tikafika, tidikire mpaka thole lililonse layamwa, tiwerenge, kenaka tizisiye zidye. Tsiku losamutsa pakhale munthu wamkulu, ntchitoyi tisaisiyire ana.

Pomaliza, tikupempha mafumu athu a kwa Kachere kuti akhale pansi ndi makalabu a alimi, agwirizane za njira zotakasuka zopita kudambo ndi kumadzi, aike zizindikiro ulimi wa madimba usanayambe. Tikupemphanso alangizi a ziweto kuti pa maphunziro awo aziitana abusa, pakuti iwowa ndiwo amakhala ndi ng'ombe tsiku lonse. Nkhaniyi tikaiyambitse pamsonkhano wa kalabu ukubwerawu. Paja akuluakulu amati kuthamanga si kufika.