Ana athu aphunzire za ukapolo umene unachitika kwathu kuno

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mmene ana athu kuno ku Chadiza akuphunzirira mbiri ya ukapolo ndi tsankho la atsamunda.

M'makope awo muli chithunzi cha makona atatu: zombo kuchoka ku Ulaya, kukatenga anthu kumadzulo kwa Africa, kukawatula ku America. Mwana amaloweza zimenezi n'kukhoza mayeso. Koma mufunseni kuti Achikunda anali ndani, angokuyang'anani kukamwa yasa. Chonsecho Achikundawo, asilikali a eni minda ya Apwitikizi m'mbali mwa Zambezi, ankachokera m'chigawo cha Tete chomwe tachita nacho malire, n'kumasaka minyanga ndi anthu m'midzi ya Achewa ndi Ansenga. Kanyemba ndi Matakenya, amene ankaopedwa cha ku Zumbo ndi ku Luangwa, mwana wa kusekondale sanawamvepo. Sadziwanso za Jumbe wa ku Nkhotakota, yemwe ankaolotsa anthu panyanja ulendo wa ku Kilwa ndi ku Zanzibar, kumene msika wa akapolo unadzatsekedwa mu 1873.

Nditafunsa mphunzitsi wina, anati nkhani zakwathuzi sizibwera pa mayeso, komanso zimautsa mapiri pachigwa. Chachiwiricho ndachimva, pakuti pa nthawi ya chifwamba ogulitsa anthu sanali alendo okha. Mafumu ena ankasinthanitsa anthu ndi nsalu, mfuti ndi onga. Mtsibweni akapalamula mlandu ankatha kupereka mwana wa mlongo wake ngati chikole, osadzamuwombolanso. Angoni a Mpezeni nawo ankagwira anthu pa nkhondo n'kuwalowetsa m'midzi yawo. Zidzukulu za ogwira ndi za ogwidwa lero zakhala pa benchi imodzi m'kalasi.

Koma kukhala chete kwateteza ndani? Pitani pabwalo pamene akulimbirana ufumu kapena munda. Mawu akangotha, wina amaimirira n'kunena kuti agogo ake a mnzakeyo anachita kugulidwa, alibe pakamwa. Ana amakhala ali pomwepo, akumva. Ndiye kuti nkhaniyi akuiphunzira ndithu, koma ngati chipongwe, kwa munthu wokwiya, osati kwa mphunzitsi amene akanawauza kuti wogwidwayo sanalakwe kanthu.

Za atsamunda nazonso zimangolambalalidwa. Ana amadziwa kuti Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaphedwa mu 1898, poti amamva pa mwambo wa Nc'wala. Chimene chinatsatira sachidziwa. Kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikulu m'chigawo chino, masikweya mailosi 10,000, potengera mapepala a Carl Wiese, Mjeremani amene ankati Mpezeni anamupatsa dzikolo. Kuyambira mu 1928 anthu anasamutsidwira m'malo owapatulira, kumene anapanikizana mpaka nthaka kuguga, pamene minda yambiri yosungira azungu inangomera thengo. Boma la atsamunda linadzagulanso mbali yaikulu ya malowo mu 1941, zinthu zitaipa kale. Onjezanipo msonkho wa nyumba ndi chitupa, zimene zinkathamangitsa amuna wapansi kupita ku Walale kukagwira ntchito m'mafamu. Onjezaniponso zogulira nyama pakawindo, munthu wakuda osaloledwa kulowa pakhomo la sitolo, mpaka chipani cha Harry Nkumbula chinayamba kunyanyala mabutchala.

Sindikuti za ku America zichotsedwe. Pempho langa kwa akuluakulu olemba silabasi n'lakuti apatule masabata angapo a mbiri ya m'dera la mwanayo, ndipo aphunzitsi aphunzitsidwe kuikamba osaloza banja la munthu. Kwa a Mlolo, kwa a Zingalume ndi kwa a Mwangala kudakali nkhalamba zimene makolo awo anasamutsidwa. Aziitanidwa m'kalasi adakali ndi mphamvu. Ndipo poti aphunzitsi amatsata mayeso, ikanimo funso limodzi lokha lonena za North Charterland kapena Achikunda. Chaka chomwecho sukulu iliyonse ya chigawo cha Kum'mawa idzayamba kuifunafuna nkhaniyi.

Kholo lodandaula,
Chadiza