Pempho kwa Anthu a m'Makomboni: Bwezeretsani Earth Leakage

Makolo ndi abale athu a ku Kanyama, Chawama, George, Matero, Mtendere ndi Kalingalinga,

Mvula yayamba, ndipo madandaulo aja ayambiranso: firiji ikugwira, mpopi ukunyerenyetsa dzanja, mwana wadzidzimuka atakhudza chitseko chachitsulo. Ena akuti ndi ufiti, ena akuti malaiti amabwera ndi ukali akakhala kuti anazima nthawi yaitali. Ayi ndithu. Malaitiwo akutayikira, ndipo akufuna njira yopita pansi. Munthu woponda simenti yonyowa opanda nsapato ndiye njirayo.

Amatayikira pa waya wosupuka wa hot plate kapena ayironi wokhudza chitsulo, pa element yong'aluka yotenthetsera madzi m'ndowa, ndi pa soketi yolowa chinyezi, makamaka ku Kanyama kumene madzi amaima m'nyumba. Matchaja ndi ma TV nawonso amataya pang'onopang'ono.

Breaker wamba sangakupulumutseni. Iye amadikira ma amp 15 kapena 20 kuti waya asapse, pomwe pa ma volt 230 a m'nyumba zathu, kagawo kochepa chabe ka amp imodzi kakhoza kuimitsa mtima. Chotetezera munthu ndi earth leakage ya 30 mA. Imayerekeza malaiti olowa ndi obwerera, ndipo akasiyana imazimitsa sekondi isanathe.

Chatiwawa kwambiri ndi mawu akuti kachipangizoka "kamavutitsa, kamangogwa". Inde kamagwa! Kagwa chifukwa kapeza vuto. Inu alandilodi amene mwakoka waya mmodzi kudyetsa midadada yonse, kenako n'kuitana mnyamata kuti akalumphe kachipangizoka, mwachotsa chiyani? Vuto lija likadali m'khoma, likudikira mwana wa mlendi wanu. Renti mumalandira mwezi ndi mwezi osaphonya, koma ndalama ya earth leakage mukuti palibe. Kodi maliro ndiwo otchipa? Kagwa katatu usiku umodzi? Zulani zipangizo chimodzichimodzi mpaka mupeze chowonongekacho, osati kumanga switch ndi waya. Nanunso amisiri ovomera ntchito yotereyi, manyazi akugwireni.

Lero lomwe dinani batani lolembedwa T pa earth leakage m'bokosi lanu la malaiti. Malaiti akapanda kuzima, itanani katswiri wa magetsi wodziwa ntchito, aonenso waya wa earth. Waya wa ZESCO akagwa m'madzi musayandikire, auzeni eni ake. Munthu akagwidwa ndi malaiti m'nyumba musamukoke ndi manja, thamangirani ku main switch.

Alendi, funsani alandilodi anu sabata ino, musaope.

Ndife anzanu okhala nanu m'makomboni muno.