Musanakhudze Injini, Tiuzeni Muima Bwanji

Pali chizolowezi chimene chamera mizu pakati pa achinyamata okonda magalimoto m'mizinda mwathu, ndipo ine ndatopa kuona anthu akuchiombera m'manja. Munthu akangoitanitsa Subaru, Mark X, Altezza kapena Golf GTI, galimoto isanazolowere n'komwe fumbi la kuno, ndalama yoyamba imapita ku ekizozi yophokosera, yachiwiri ku marimu akuluakulu, yachitatu kwa munthu wa laputopu woti asinthe kompyuta ya injini. Mabuleki amakumbukiridwa akayamba kulira. Matayala amagulidwa akaunjika. Ndikunena mosapsatira kuti kusintha galimoto motere n'kuseweretsa moyo, ndipo nthawi zambiri moyo woseweretsedwawo sukhala wa mwini galimotoyo.

Musandimve molakwa. Magalimoto othamanga ndimawakonda, ndipo ndimalemekeza makaniko amene amatha kumasula injini yonse n'kuimanganso ikulira bwino kuposa kale. Mkangano wanga uli pa ndondomeko yake. Tikuyamba ndi chimene chimayenera kukhala chomalizira, n'kusiya chimene chimayenera kukhala choyamba.

Tiyambe ndi masamu amene tonse tinaphunzira ku sekondale. Mphamvu imene galimoto yoyenda imanyamula imakula mofulumira kuposa liwiro lake. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi, ndipo mtunda woimira umateronso. Pa tala wouma, ndi matayala abwino, galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imafuna mamita pafupifupi 18 kuti iime, kuwerengera pamene phazi laponda buleki. Ikamayenda makilomita 120 pa ola imafuna mamita pafupifupi 70. Onjezanipo sekondi imodzi yoti maso aone, ubongo uganize, phazi lisunthe. Pa liwiro la 120, sekondi imeneyo ndi mamita 33. Kuphatikiza zonse, mwadutsa mamita 100, pafupifupi bwalo lonse la mpira kuchoka pagolo lina kufika pagolo lina. Tsopano ganizirani msewu wa M1 pa Lizulu kapena pa Tsangano tsiku la msika: mayi wasenza dengu la tomato, wakabaza wanyamula anthu awiri, mbuzi, mwana wasukulu. Mamita 100 opanda kanthu muwapeza kuti?

Chimene ambiri sadziwa n'choti chimaimika galimoto kwenikweni ndi tayala. Buleki imangogwira gudumu, koma chogwira msewu ndi kachigawo ka tayala kamene kukula kwake sikasiyana kwambiri ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Zikhatho zinayi basi, ndizo zikulumikiza galimoto yolemera kuposa tani imodzi ndi dziko lapansi. Ndiye taonani zimene timachita. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amafika atavala matayala oyendera pa chipale chofewa, aja olembedwa kuti studless. Mphira wake ndi wofewa, anaupangira nyengo yozizira, ndipo pa tala wotentha wa mu Okutobala amatha msanga komanso amatalikitsa mtunda woimira. Ena amachotsa amenewo n'kuika akaunjika osayang'ana n'komwe chaka chimene anapangidwa. Chonsecho chaka chimalembedwa m'mbali mwa tayala lililonse, manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi DOT. Mukaona 2314, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Makampani ambiri opanga matayala amalangiza kuti tayala likakwana zaka 10 lichotsedwe, ngakhale mapanga ake akuonekabe, chifukwa mphira umauma n'kuyamba ming'alu. Munthu amene waika injini yamphamvu pa matayala otere ali ngati wothamanga mpikisano atavala patapata.

Nanga marimu? Galimoto imene inabwera ndi tayala la 195/65 R15 ili ndi khoma la mphira lotalika mamilimita pafupifupi 127 pakati pa rimu ndi msewu. Mukaika 225/40 R18, khomalo limatsika kufika pa mamilimita 90. Mukaika 215/35 R19, latsala 75. Khoma limeneli ndilo limameza nkhonya galimoto ikagwa m'dzenje. Ku Germany kapena ku Japan, kumene misewu ndi yosalala, tayala lopyapyala lili ndi ntchito yake, limapangitsa chiwongolero kumvera msanga pokhota. Kuno kwathu, mvula ya mu Januwale ikangodutsa, dzenje limodzi lokha limatupitsa tayala, kupinda rimu kapena kuing'alula. Rimu yong'aluka ija imapita kwa wowotcherera, imabwerera pagalimoto, ndipo mwini wake amapitiriza kuthamanga ngati palibe chachitika. Komanso marimu ambiri otsika mtengo ndi olemera kuposa amene anachotsedwa, choncho mashoko amavutika kuligwira gudumu kuti lisadumphe, ndipo mabuleki amakhala ndi ntchito yochuluka. Mwalipira ndalama kuti galimoto yanu iziima mochedwa.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi kudula masipuring'i. Munthu akufuna galimoto yake ikhale yogwada, koma ndalama yogulira zida zopangidwira ntchitoyo alibe, ndiye amatenga chopukusira n'kudula mapiringidzo awiri. Sipuring'i yodulidwa imauma, mpata woti gudumu likwere ndi kutsika umachepa, ndipo shoko imene inapangidwira utali wina imayamba kugunda pansi. Pamsewu wa mabampu gudumu limadumpha m'malo motsatira nthaka, ndipo gudumu limene lili m'mwamba siligwira buleki ngakhale pang'ono. Magudumu amapendekeka, matayala amadyeka mkati mokha, kumene mwini wake sayang'ana. Tonse tawaona anyamatawa akukwera hampu chammbali, pang'onopang'ono, mzere wa maminibasi ukuliza mahutala kumbuyo kwawo. Zimaseketsa, inde. Koma galimoto yomweyo usiku imakhala ikuuluka mu Masauko Chipembere Highway, ndipo pamenepo palibe choseketsa.

Tibwere ku mabuleki enieniwo. Kuno kusintha mabuleki kumatanthauza kupaka penti yofiira, kapena kumata chivundikiro cha pulasitiki cholembedwa dzina la kampani yotchuka pamwamba pa buleki yakale yomweyo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mdani wamkulu wa buleki ndi kutentha, chifukwa ntchito yake ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya pakapita nthawi. Mafuta a DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akayamwa madzi muyezo wake umatsika kufika pa 155. A DOT 3 amachoka pa 205 kufika pa 140. Akawira amapanga nthunzi, nthunzi imafinyika, ndipo phazi limangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Zimenezi sizichitika pamalo oimika magalimoto pamene mukuonetsa anzanu. Zimachitika potsetsereka ku Chiweta, pa msewu wa Golomoti, kapena pa mapiri otsikira ku Chikwawa. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Funsani mnzanu wa ekizozi yophokosera uja kuti anawasintha liti. Botolo la mafutawa mtengo wake sufika ngakhale pa rimu imodzi.

Tsono injini. Kusintha kompyuta ya injini ya turbo kumaonjezeradi mphamvu, sindikutsutsa. Koma mphamvu yoonjezerayo imabwera ndi kutentha koonjezera, ndipo imafuna petulo wopirira kupanikizika. Magalimoto ambiri othamanga a ku Japan anapangidwira petulo wapamwamba amene kwawoko amagulitsidwa pa pampu yakeyake. Kuno mumathira amene mwamupeza, ndipo mafuta akasowa ena amathira wa m'zigubu amene sadziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani. Pulogalamu yokopera pa intaneti, imene inalembedwera petulo wina ndi nyengo ina, singadziwe zimenezo. Injini imayamba kugogoda mkati, pisitoni imasungunuka, kalachi imapsa, giyabokosi imagonja. Kenako pali aja ochotsa catalytic converter, kachipangizo ka mu ekizozi kamene kamachepetsa utsi wapoizoni. Amati akufuna injini ipume bwino, koma pa galimoto wamba phindu lake ndi lochepa kwambiri. Wopindula weniweni ndi amene akukagulitsa kachipangizoko, popeza mkati mwake muli miyala yamtengo wapatali monga platinum, palladium ndi rhodium. Utsiwo amaupuma ndi mayi wogulitsa chimanga chootcha m'mbali mwa msewu. Nyali yochenjeza ikayaka pa dashibodi, amaimata tepi yakuda.

Taonani mmene eni ake opanga magalimotowa amachitira. Subaru itaonjezera mphamvu pa Impreza WRX STI, inaikanso mabuleki a Brembo, matayala otakata ndi miyendo yolimba. Nissan inachita chimodzimodzi pa Skyline GT-R. Makampani a ku Japan anagwirizananso okha kuti magalimoto ogulitsidwa m'dziko mwawo azikhala ndi chotchinga liwiro pa makilomita 180 pa ola. Kwawoko galimoto imapita kukayesedwa mokhwima, kumene amati shaken, ikakwana zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse. Ku Germany, zosintha zikuluzikulu pa magudumu kapena pa miyendo zimafuna chilolezo kapena kuyesedwa ndi mabungwe monga TÜV. Anthu amene ali ndi mainjiniya, mabwalo oyesera ndi misewu yabwino amaopa mphamvu yopanda mabuleki. Ife amene tilibe chilichonse mwa zimenezi ndiye tikudziona ngati akatswiri.

Ndikudziwa zimene ena anene. Ati galimoto ndi yanga, ndalama ndi zanga. Zoona, koma msewu si wanu. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse padziko lonse, kuti oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto, komanso kuti ngozizi ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Amenewo ndi ife, ndi azing'ono athu. Inu muli ndi lamba ndi chitsulo chokuzungulirani. Wakabaza ali ndi malaya okha.

Ena ati vuto ndi boma, likonze misewu. Likonzedi, ndipo tisaleke kulikumbutsa. Koma munagula marimu a mainchesi 19 mukuwaona maenjewo ndi maso anu. Injiniya wabwino amapanga chinthu molingana ndi malo amene chikagwire ntchito. Amene amakonzera galimoto yake msewu wa pa YouTube, pamene akukhala ku Chilinde kapena ku Ndirande, sakuchita uinjiniya.

Enanso ati ndi nsanje chabe ya mwana wasukulu. Chabwino, tinene kuti ndi nsanje. Kodi nsanje yanga isintha madigiri amene mafuta a mabuleki amawira? Ndipo ngati nkhani ndi ya ndalama, kumbukirani kuti chiyambire pamene Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chimapweteka m'thumba. Amene wangoyamba ntchito n'kugula galimoto ya ngongole sangakwanitse kugula injini kawiri. Werenganinso pepala lanu la inshuwalansi, muone zimene likunena pa galimoto yosinthidwa popanda kuwadziwitsa.

Ndondomeko yoyenera si yovuta. Choyamba matayala abwino, a saizi yogwirizana ndi misewu yathu, anayi onse ofanana. Chachiwiri mafuta a mabuleki atsopano, mapadi abwino, madisiki osadyeka ndi mapaipi osang'aluka. Chachitatu mashoko, mabushi ndi alayinimenti. Galimoto ya zaka 12 ikalandira zinthu zitatuzi imasintha kwambiri moti mwini wake amadabwa. Chachinayi dalaivala mwiniyo, aphunzire mmene galimoto yake imachitira akaponda buleki mwadzidzidzi, pamalo otchingidwa, osati pamsewu wa anthu onse. Injini ibwere pomalizira, ndipo aigwire ndi munthu amene ali ndi zida zoyezera, woti akhoza kukuuzani manambala.

Anzathu a ku South Africa ali ndi mabwalo monga Kyalami, Zwartkops ndi Killarney. Masewero awo ozungulitsa BMW ija amaitcha gusheshe anayambira m'misewu ya m'makomboni monga Soweto, koma lero amachitikira m'mabwalo, oonerera ali kuseri kwa mpanda. Magulu athu okonda magalimoto akanamenyera zimenezo: malo otchingidwa, tsiku lodziwika, ndi lamulo lakuti galimoto ya masipuring'i odula kapena matayala otha isalowe. A Road Traffic popereka COF aziyang'ana pansi pa galimoto mofatsa. Ophunzira uinjiniya ku MUBAS ndi umakaniko ku Lilongwe Technical College ndiwo ayenera kutsogolera pokana ntchito yodula masipuring'i, ngakhale kasitomala atabwera ndi ndalama m'manja.

Tisinthenso zimene timatamanda. Mnzathu akabwera ndi galimoto yake yatsopano n'kuyamba kupemerera moto kuti timve kulira kwake, tisafunse kuti imafika pa liwiro lanji. Timufunse chaka cha matayala ake, tsiku limene anasintha mafuta a mabuleki, ndi mamita amene imafuna kuti iime. Akayankha bwino, timuombere m'manja. Akayamba kuseka, musakwere.