Woyang'anira Geji Tisamupeputse

Ukafunsa anyamata a msinkhu wathu ntchito zimene amazisirira, ambiri amatchula udotolo, uloya kapena uphunzitsi. Sindinamvepo wina akutchula ntchito yosamalira zipangizo zoyezera m'fakitale, imene pa Chingerezi amati instrumentation. Ine ndikuti tikulakwitsa, chifukwa ntchitoyi imasunga miyoyo ya anthu monga momwe amachitira dotolo.

Kodi ntchitoyi ndi yotani? Taonani simbi yamagetsi. Ikatentha kufika pamene mwaikonzera imazima yokha, ndipo ikazizira imayakanso. M'fakitale zimayenda chimodzimodzi, kungoti zinthu zake ndi zazikulu. Chipangizo china chimayeza kutentha, mphamvu ya nthunzi kapena kuchuluka kwa madzi m'thanki. China chimayerekeza zimene zayezedwazo ndi mlingo wofunika, kenaka chimalamula valavu kuti itseguke kapena itsekeke. Pa mafakitale a shuga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, madzi a nzimbe amaphikidwa ndi nthunzi. Madzi akachepa mu boiler moto uli lawilawi, mapaipi amapsa ndi kuphulika. Koma geji nayo imatha kunama, monga sikelo ya pamsika imene yakalamba. Nchifukwa chake pamafunika munthu wophunzira bwino woti aziiyesa ndi kuikonza nthawi ndi nthawi.

Amene akukayika amve zimene zinachitika mu mzinda wa Bhopal ku India. Kumeneko kampani ya Union Carbide inali ndi fakitale yopanga mankhwala ophera tizilombo ta m'munda. Usiku wa pa 2 Disembala 1984, madzi analowa m'thanki yosungira mankhwala oopsa otchedwa methyl isocyanate, ndipo thankiyo inayamba kutentha. Geji inaonetsa kuti mphamvu ya mpweya ikukwera, koma antchito sanatekeseke msanga popeza anazolowera kuti mageji a pamenepo amanama. Makina oziziritsa thankiyo anali atazimitsidwa miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo nsanja yotenthera mpweya woipa inali yosagwira ntchito. Maphunziro a antchito nawonso anali atafupikitsidwa. Mpweya wapoizoni wokwana matani pafupifupi 40 unafalikira mu mzinda anthu ali mtulo. Boma la chigawo cha Madhya Pradesh linawerenga anthu akufa 3,787, ndipo opitirira 500,000 anapuma mpweyawo. Ambiri mwa iwo anali amphawi okhala m'tinyumba toyandikana ndi mpanda wa fakitale, amene sanaonepo geji m'moyo wawo.

Ena anena kuti masiku ano makompyuta ndiwo akuyendetsa mafakitale, kotero munthu safunikanso. Ayi ndithu. Kompyuta imakhulupirira nambala iliyonse imene yalandira. Chipangizo choyezera chikaipatsa bodza, iyonso imalamula molakwika. Amene angazindikire bodzalo ndi munthu wodziwa masamu ndi sayansi, komanso wolimba mtima kuuza bwana wake kuti makina ayambe aima ngakhale kampani itaye ndalama.

Tsono anzanga, tisamajombe m'maganizo nthawi ya masamu ndi Physics poganiza kuti sizidzatithandiza. Tonse tikudziwa kuti si aliyense wolowa Fomu 1 pano amene amakafika ku seminale yaikulu. Amene adzatenge njira ina asadzaone sukulu zaluso monga Soche, Nasawa ndi Namitete ngati kothawira olephera. Inunso makolo athu okondedwa, mwana akakuuzani kuti akufuna kuvala ovolosi, musagwe nkhope ngati wakuchititsani manyazi. Ndipo eni mafakitale asamaumire ndalama zophunzitsira antchito awo, pakuti zimene amapulumutsa lero amadzalipira ndi maliro.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuseri kwa mipanda ya mafakitale athu kumagonanso anthu, ndipo ena mwa iwo ndi abale athu.