Anakhala pulofesa ali ndi zaka 64: tiwombe m'manja, kapena tifunse?

Achemwali, dzina la Edith Clarke mulisunge. Mu 1947 yunivesite ya Texas ku Austin inawalemba ntchito, ndipo anakhala mayi woyamba ku America kukhala pulofesa wa uinjiniya wa zamagetsi. Nkhani yokoma, eti? Koma tawerengani zaka. Anabadwa mu 1883, ndiye kuti mpandowo anaukhala ali ndi zaka 64, atapuma kale pantchito ku General Electric.

Sikuti anachedwa kuphunzira ayi. Makolo awo anamwalira iwo ali mwana, ndipo ndalama zamasiye anakalipirira sukulu ku Vassar College, komwe anaphunzira masamu. Mu 1919 anakhala mkazi woyamba kutenga digiri ya masters ya uinjiniya wa zamagetsi ku MIT. Pepala lili m'manja, ntchito ya uinjiniya osaipeza! General Electric inawapatsa yoyang'anira anthu owerengetsa masamu pamanja, omwe nthawi imeneyo ankatchedwa "makompyuta". Masamu ovutawo azichita ndi iwo, udindo wa injiniya uli ndi ena. Mu 1921 ananyamuka kukaphunzitsa physics pa koleji ya atsikana ku Constantinople, ndipo atabwerera mu 1922 m'pamene kampaniyo inawalemba ngati injiniya.

Ndiye ntchito yawoyo inali yotani? Magetsi akamayenda mtunda wautali pamawaya, mphamvu ina imatayika panjira, ndipo mukalakwitsa masamu ake dera lonse limagona mumdima (zakuthimathimazi ife sitichita kuuzidwa). Mayi Clarke anapanga chipangizo chowerengetsera zimenezi mwachangu, chomwe chinalembetsedwa m'dzina lawo mu 1925. Mu 1943 anatulutsa buku la Circuit Analysis of A-C Power Systems. Njira yawo yofewetsera masamu a magetsi a mawaya atatu, Clarke transform, ikuphunzitsidwabe mpaka lero.

Nchifukwa chake ine mawu oti "mayi woyamba" amanditopetsa. Amamveka ngati chikondwerero, chonsecho akubisa zaka 28 zapakati pa digiri ya ku MIT ndi mpando wa upulofesa, zaka zomwe dziko lonse la America linalibe mkazi ndi m'modzi yemwe pampando wotere.

Kuno timakonda kuuza mtsikana kuti "limbikira sukulu basi, zinazo zidzabwera zokha". Mayi Clarke analimbikira kuposa pamenepo. Kulimbikira n'kwathu, inde, koma kulemba ntchito ndi kukweza paudindo kuli m'manja mwa ena. Amenewo ndiye tiziwafunsa, kaya ndi ku MUBAS kapena yunivesite ina iliyonse yophunzitsa uinjiniya. M'dipatimenti ya zamagetsi muli aphunzitsi aakazi angati? Mwa iwowo, ndi angati atumizidwa kukachita PhD? Nanga mayi akapita kutchuthi chakubereka, zaka zake zokwezedwera paudindo mumaziwerenga bwanji?

Amene mukuphunzira uinjiniya panopa, tiuzeni: chiyambireni chaka choyamba, mwaphunzitsidwapo ndi amayi angati?